Sukulu Ziwiri za Mwana wa Mchona ku Chitungwiza

Munthu amene achoka mumzinda wa Harare kulowera kummwera, nayenda mtunda wa makilomita pafupifupi 25 pamsewu wa Seke, akangowoloka mtsinje wa Manyame, umene azungu ankautcha Hunyani, amafika pamudzi waukulu wa timanyumba tofanana, tondandalika m'mizere pakati pa matanthwe, umene dzina lake ndi Chitungwiza. Dzinali n'lakale ndithu, pakuti Ashona amati kumeneko n'kumene kunkakhala Pasipamire, mlosi wogwidwa ndi mzimu wa Chaminuka, amene ankhondo a Lobengula anamupha m'chaka cha 1883. Koma tauni yeniyeniyo ndi ya dzulodzuloli, chifukwa inakhazikitsidwa mu 1978, pamene boma la Rhodesia linaphatikiza malokishoni atatu, St Mary's, Zengeza ndi Seke, kuti anthu akuda ogwira ntchito mu Salisbury, amene lero ndi Harare, azigona kutali ndi mabwana awo, nalawirira m'bandakucha kukadikira basi. Lero mukukhala anthu oposa 350,000, ndipo ngakhale m'misewu mumamveka Chishona, pakati pa anthuwo pali zidzukulu zambiri za makolo athu amene anachoka ku Mangochi, ku Machinga, ku Zomba, ku Salima ndi ku Nkhotakota, natchona m'dziko la eni osabwereranso kunyanja. Amene amamvera nyimbo za Alick Macheso, mmodzi wa anthu otchuka a m'tauniyi, adziwa kuti Chichewa sichinazime m'nyumba zimenezo.

Ena mwa machonawa anali Asilamu, makamaka Ayao, kotero kuti m'malokishoni a ku Zimbabwe Msilamu wakuda amangotchedwa Mchawa, kaya ndi wa ku Namwera kaya ndi Mchewa wa ku Nkhotakota. Asilamu m'dzikomo ndi ochepa, pafupifupi mmodzi pa anthu 100 alionse, ndipo Ephraim Mandivenga, amene analemba mbiri yawo mu 1983, anapeza kuti gulu lalikulu mwa iwo linali lochokera kwathu kuno. Mwana wa m'banja lotere amakula ndi sukulu ziwiri: m'mawa avala yunifolomu napita kusukulu ya boma kapena ya khonsolo kukaphunzira masamu, Chingerezi ndi sayansi, ndipo dzuwa likapendeka avula nsapato pakhomo pa mzikiti, akhala pansi pamkeka, nayamba kutchula zilembo za Chiarabu motsatira mwalimu. Kwa mwanayo zimenezi n'zatsiku ndi tsiku. Koma kuti sukulu ziwirizi zifike pogawana tsiku limodzi la mwana mmodzi, panatha mibadwo itatu ya mikangano ndi kusauka, ndipo muzu wa mkanganowo unali funso limene anthu ophunzira a m'maiko ambiri sanalithetse mpaka lero, loti kodi nzeru za zinthu zolengedwa zimayenda zokha, kapena zimafika nthawi zonse zitasenza mwambo ndi zolinga za amene wazibweretsa.

Nkhaniyi inayambira kunyanja. Chisilamu chinalowa m'dziko lathu pamodzi ndi amalonda a kugombe la nyanja yamchere: Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, anakhazikika ku Nkhotakota cha m'ma 1840, ndipo cha m'ma 1870 mfumu Makanjila inalandira chipembedzochi, mafumu ena a Chiyao monga Mataka, Mponda ndi Jalasi nabwera pambuyo pake. Mafumuwa ankafuna alembi odziwa kulemba makalata a Chiswahili m'zilembo za Chiarabu ndi kuwerengera katundu wa malonda, ndiye minyanga, nsalu, wonga, ndi akapolo omwe, pakuti zimenezo sitiyenera kuzibisa. Malonda oipawo atathetsedwa ndi nkhondo za Harry Johnston, Chisilamu sichinathe nawo, koma chinafalikira koposa kale m'manja mwa mashehe oyendayenda monga Abdallah bin Haji Mkwanda, amene anakaphunzira ku Kilwa, ndi Thabit bin Muhammad Ngaunje. Kaphunzitsidwe kawo kanali kotere: mnyamata ankaperekedwa m'manja mwa mwalimu, nakhala pakhomo pake zaka zingapo, kumulimira m'munda, kumutungira madzi, kumunyamulira katundu paulendo, ankalemba ndime za Kurani pathabwa lotchedwa ubao, naziloweza, nalitsuka thabwalo kuti alembepo zina, ndipo akakhwima, shehe ankamupatsa chilolezo chotchedwa ijaza, chimene chinkatchula kuti waphunzira kwa uje, amene anaphunzira kwa uje. M'kaonedwe ka akuluakulu amenewo, nzeru inali chuma chosungitsa, chimene sungachipereke kwa munthu amene sunamuone kadyedwe kake, kayankhulidwe kake ndi kapsedwe mtima kake.

Tsono kunafika amishoni. A Livingstonia anakocheza ku Cape Maclear, m'dziko la Mponda, mu 1875. A Blantyre anamanga mu 1876. Aangilikani anakhazikika pa Likoma mu 1885. Adatchi anayamba ku Mvera mu 1889. Iwowa anabwera ndi zinthu zimene mwalimu analibe, ndizo Chingerezi, masamu a m'maofesi, chipatala, makina osindikizira, ndipo ku Khondowe, kumene Robert Laws anatsegula sukulu yaikulu mu 1894, anyamata ankaphunzira ukalipentala, kutumiza mauthenga pawaya ndi kuthandiza madokotala. Koma zonsezi zinali ndi khomo limodzi lolowera, ndipo pakhomopo panali katekisimu ndi kalasi la ubatizo, pakuti amishoniwo sanabise kuti sukulu inali khoka lawo lokokera anthu ku mpingo. Boma nalo linasiya maphunziro m'manja mwawo, losakhazikitsa ngakhale dipatimenti ya maphunziro kufikira 1926. Makolo a Chisilamu ataona ana a anzawo akubwera kunyumba ndi maina atsopano, akudya nyama yosazinga mwamwambo, akunyoza jando ndi swala, anati, mwana wanga asapiteko.

Kukana kumeneku anthu ambiri akhala akukutcha umbuli, ndipo mawuwa akhala akupweteka Ayao kwa nthawi yaitali. Koma ine ndiganiza kuti akuluakulu aja anaona chinthu choona, ngakhale kuti anachilipira mtengo wowawa. Anazindikira kuti mphunzitsi akamaphunzitsa mwana kuwerengera, amamuphunzitsanso chimene ayenera kuchilemekeza ndi chimene ayenera kuchita nacho manyazi, ndi kuti buku silifika m'mudzi popanda dzanja lolinyamula. Pamenepo sanalakwe. Pamene panawavuta mpakuti analibe njira yolekanitsira mbewu ndi mankhusu, chifukwa munda wonse unali wa mmishoni. Ndipo popewa ubatizo anapewanso masamu a m'ofesi ndi maphunziro a chipatala, zimene mwa izo zokha sizikanawachotsera chikhulupiriro chawo.

Mtengowo unaonekera poyera pamene anthu anayamba kutsikira kummwera. Msonkho wa nyumba unkafuna ndalama, ndipo ndalama zinali kumigodi ndi kumafamu a Southern Rhodesia, kumene bungwe lolemba anthu ntchito, limene makolo athu ankalidziwa ndi dzina lakuti chibalo, linayamba mu 1903. Poyamba ankayenda pansi, kudzera ku Tete, kuwoloka Zambezi, milungu ingapo ali m'njira pakati pa mikango ndi njala; pambuyo pa pangano la maboma atatu la 1936 kunabwera malole a ulere, ndipo itatha nkhondo yachiwiri kunabwera Mthandizi. Akafika ku Halale, ku Shamva, ku Wankie kapena kumafamu a fodya, munthu ankayesedwa ndi pepala. Anyamata a kumishoni ankakhala makalaliki, makapitao ndi othandiza m'zipatala: Clements Kadalie, wophunzira ku Livingstonia, anagwirapo ukalaliki pamigodi ya m'dzikomo asanakayambitse bungwe la antchito ku Cape Town mu 1919, ndipo Kamuzu Banda ali mnyamata anagwira ntchito pachipatala cha ku Hartley. Koma mwana wa mwalimu, amene ankatha kutchula masura ataliatali pamtima ndi kulemba kalata ya Chiyao m'zilembo za Chiarabu, m'kaundula wa bwana ankalembedwa kuti ndi munthu wosadziwa kulemba, napatsidwa fosholo, kapena ukhukhi, ulonda ndi utelala.

Ngakhale zinali chomwecho, anthuwa sanataye zimene anabwera nazo. M'makomponi a migodi ndi m'malokishoni ankasonkha makobidi, kumanga timizikiti ta zidina ndi malata, ndi kusankha mmodzi mwa iwo amene anaphunzirapo kwa shehe kumudzi kuti azitsogolera swala ya Ijumaa ndi kuphunzitsa ana akaweruka kuntchito. Chimene chinkawamanga pamodzi koposa zonse chinali maliro, chifukwa mchona ankaopa kufera m'dziko la eni wopanda womusambitsa, womukulunga m'nsanda ndi womugoneka moyang'ana kuchibula. Amwenye a Chisilamu anali ndi mizikiti yawo m'katikati mwa matauni, koma malamulo a tsankho, kuyambira lamulo logawa malo la 1930, anaika abale a chipembedzo chimodzi m'madera osiyana, wina pafupi ndi sitolo yake, wina kuseri kwa njanji. Ndipo mapempheredwe awo ankasiyanako, popeza Ayao amatsata chiphunzitso cha Imamu Shafi'i chimene anachilandira kwa Aswahili, pamene Amwenye ambiri amatsata cha Imamu Abu Hanifa.

Ngati wina akukayikabe kuti nzeru zimagawidwa motsata zolinga za wogawayo, ayang'ane m'mene Rhodesia inkaphunzitsira ana akuda. Sekondale yoyamba ya boma ya anthu akuda, ya ku Goromonzi, inatsegulidwa mu 1946, patatha zaka zoposa 50 azungu atalowa m'dzikomo. Ndipo dongosolo la 1966 la boma la Ian Smith linakonza kuti mwa ana 100 omaliza pulayimale, 12 kapena 13 okha ndiwo apite kusekondale ya maphunziro enieni, ena 37 kapena 38 apite kusukulu zotchedwa F2 kukaphunzira zaumisiri ndi ulimi, otsalawo abwerere kunyumba. Sayansi inalipo m'dzikomo, ya pamwamba ndithu, yofufuza mbewu za chimanga ndi matenda a fodya, ndipo chimanga cha SR52 chimene akatswiri awo anatulutsa mu 1960 chinatchuka kufikira kwathu. Koma amene ankasankha kuti afufuze chiyani, ndi kuti mwana wa yani aone galasi loonera tizilombo, anali anthu okhala ndi mtima ndi zofuna zawo. Mwana wa mchona wa Chisilamu anali kumapeto kwenikweni kwa mzere umenewo, wakuda, mlendo, ndiponso wosabatizidwa.

Zinthu zinatembenuka mu 1980. Boma latsopano linatsegula sukulu kwa onse, kotero kuti ana a kupulayimale, amene mu 1979 anali pafupifupi 820,000, anapitirira 2 miliyoni zisanathe zaka zisanu ndi chimodzi; m'Chitungwiza momwemo munatsegulidwa koleji ya aphunzitsi ya Seke, ndipo kuti sayansi ifike ngakhale kusukulu zopanda labotale, akatswiri a pa yunivesite anakonza mabokosi a zipangizo zotsika mtengo otchedwa ZimSci. Tsopano kholo la Chisilamu linatha kutumiza mwana kusukulu imene sinali ya mpingo uliwonse, ngakhale kuti mapemphero a pa asembule ndi phunziro la Baibulo zinatsalabe. Ana anachuluka kuposa makalasi, mwakuti sukulu zambiri za m'malokishoni zinkalowa kawiri, ena m'mawa ena masana, ndipo mwalimu naye anayenera kusintha nthawi ya madrasa motsata belu la boma, chinthu chimene agogo a anawo sakanachilota. Kumbali ya chipembedzo nakonso kunali kusintha: bungwe la mashehe la Majlisul Ulama linakhazikitsidwa m'zaka za m'ma 1970, sukulu yake ya Iqra Darul Ilm ku Waterfalls, kummwera kwa Harare, inayamba kuphunzitsa achinyamata a m'malokishoni ndi m'mafamu, ndipo ena anakaphunzira ku Medina ndi kwina nabwerako akudziwa Chiarabu chenicheni, osagwirizana nthawi zina ndi akuluakulu a sikiri ndi mbendera pa zoimba pamaliro ndi pa sadaka ya masiku makumi anayi. Panali chopinga china chimene sichinali cha chipembedzo: lamulo la unzika la 2001 linasandutsa ana ambiri obadwira m'dzikomo kukhala alendo, ena nasowa zikalata zobadwira zolembetsera mayeso, kufikira malamulo aakulu a 2013 anawabwezera unzika wawo.

Pa nthawi yomweyo anthu ophunzira a Chisilamu a m'maiko akutali ankasinkhasinkha funso lomwe lija la agogo a ku Mangochi, koma m'mawu a kuyunivesite. Mu 1977 kunachitika ku Mecca msonkhano woyamba wa dziko lonse wokambirana za maphunziro a Asilamu. Syed Muhammad Naquib al-Attas wa ku Malaysia anaphunzitsa kuti sayansi ya ku Ulaya imafika itavala kaonedwe kake ka dziko, kamene kamaika Mlengi pambali, ndi kuti cholinga cha maphunziro ndicho kuumba munthu wa khalidwe, wodziwa malo oyenera a chinthu chilichonse. Ismail al-Faruqi, mu 1982, analemba dongosolo lokonzanso maphunziro onse kuti agwirizane ndi chikhulupiriro. Ena anatsutsa, monga Abdus Salam wa ku Pakistan, amene analandira mphotho ya Nobel mu 1979, ndipo ankaumirira kuti malamulo a chilengedwe ndi amodzi kwa anthu onse, sasankha mtundu kapena mpingo. Chodabwitsa n'chakuti mkulu wina anali atayankhulapo kale zaka zoposa mazana asanu ndi atatu m'mbuyomo. Al-Ghazali, amene anamwalira mu 1111, anaika udokotala ndi masamu m'gulu la maudindo amene mudzi wonse umachimwa ngati palibe ndi mmodzi yemwe wowasenza, nadandaula kuti anthu a m'nthawi yake ankathamangira maphunziro a milandu, opatsa ulemu ndi maudindo, kusiya midzi yopanda sing'anga wa Chisilamu. Anachenjezanso kuti wotsutsa umboni wa masamu m'dzina la chipembedzo amavulaza chipembedzocho koposa mdani wake.

Ine ndiona kuti mbali zonse ziwiri zagwira mwendo wake wa nyama. Khalidwe ndilo limasankha funso, limasankha amene adzapindule ndi yankho, ndiponso limasunga wofufuza kuti asaname. Koma yankholo likatuluka, khalidwe silingalipinde kuti likomere mwini. Mwambo wa madrasa umadziwa zimenezi kuposa m'mene otsutsa ake amaganizira. Buku la aljebra la al-Khwarizmi, lolembedwa ku Baghdad cha m'ma 820, linapereka gawo lalikulu ku magawidwe a chuma cha masiye, chifukwa kuopa kudya za mwana wamasiye n'kumene kunafuna masamu olongosoka. Chimodzimodzi pa kuona mwezi wa Ramadhani ndi wa Idi: akatswiri a zakuthambo amadziwa tsiku ndi ola limene mwezi udzabadwe, ndipo chaka cha mwezi, cha masiku 354, amachiwerengera zaka zambiri zamtsogolo, komabe mashehe ambiri a kuno kummwera amafuna mboni yoona ndi maso, ndipo mboniyo amayamba aifufuza ngati ndi munthu woona mtima. Wasayansi akhoza kuseka, koma iyenso amadalira mboni, pakuti palibe amene angabwereze yekha kuyesa konse kumene anawerenga m'mabuku, ndipo mmodzi akalemba manambala abodza, anzake onse amasokera naye.

Sukulu ziwirizi zinakumana maso ndi maso pa nkhani ya jando. Machona anausunga mwambowu m'dziko limene Ashona ambiri sadula, ndipo m'nyengo yozizira, sukulu zikatsekera, anyamata ankapita kundagala kukakhala m'manja mwa angaliba ndi anakanga, kumene kudulako kunali gawo limodzi chabe la chilangizo cha ulemu, kupirira ndi kusunga chinsinsi. Kwa zaka zambiri ana a Chichawa ankasekedwa ndi anzawo chifukwa cha zimenezi. Kenaka kunabwera Edzi, ndipo kafukufuku wa ku Orange Farm ku South Africa mu 2005, ndi wa ku Kisumu ku Kenya ndi ku Rakai ku Uganda amene anatsatira, anaonetsa kuti mdulidwe umachepetsa ndi pafupifupi 60 pa 100 mpata woti mwamuna atenge kachilombo kwa mkazi. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse linauvomereza mu 2007, ndipo Zimbabwe inayamba kudula amuna m'zipatala mu 2009. Chimene dzulo chinali chitonzo chinasanduka uthenga wa pazikwangwani. Koma sayansi yomweyo imene inayamikira mwambowo inaudzudzulanso, chifukwa inasonyeza kuti mpeni umodzi wodulira anyamata ambiri ukhoza kufalitsa matenda amene mdulidwe uyenera kuwatchinga. Ndipo chiwerengero chija cha 60 chinali ndi msampha wake, popeza mnyamata wosalangizidwa akhoza kuchimva ngati chilolezo cha chiwerewere. Dokotala ali ndi lumo loyera ndi mankhwala oletsa ululu, koma alibe mwezi wathunthu wokhala ndi mnyamata kuthengo. Ngaliba ali ndi mwezi umenewo, koma diso lake siliona kachilombo. N'chifukwa chake m'madera ena, monga pakati pa Ashangani a ku Chiredzi, akuluakulu a mwambo anafika povomera kuti achipatala adule, iwo natsala ndi chilangizo.

Koma mayeso aakulu anafika ndi madzi. Chitungwiza inamangidwa yopanda damu lakelake; imagula madzi ku Harare, ochokera kumalo oyeretsera a Prince Edward ndi a Morton Jaffray, ndipo zonyansa zake, zikasefukira, zimatsikira mumtsinje wa Nyatsime ndi wa Manyame kukathira m'nyanja ya Chivero, momwe mzinda umatunganso madzi akumwa. Pofika 2008, ndalama ya dzikolo itasanduka mapepala opanda pake, mankhwala oyeretsera madzi anasowa, mapaipi okalamba anaphulika, mipopi inauma kwa milungu, ndipo amayi anayamba kukumba zitsime zosaya kuseri kwa nyumba, pafupi ndi ngalande zoyenda zonyansa. Mu Ogasiti chaka chimenecho kolera inabuka m'Chitungwiza, ndipo kuchokera kumeneko inafalikira m'zigawo zonse za dziko, kotero kuti pofika pakati pa 2009 anthu oposa 98,000 anali atadwala, oposa 4,200 atamwalira. Palibe chimene sayansi sinkachidziwa za nthendayi. John Snow anasonyeza ku London mu 1854 kuti imayenda ndi madzi, Robert Koch anakaona kachilombo kake ku Egypt ndi ku Calcutta mu 1883 ndi 1884, ndipo mayi aliyense wa ku Zimbabwe anaphunzitsidwa kusikelo kusakaniza masupuni ang'ono asanu ndi imodzi a shuga ndi theka la supuni ya mchere m'botolo la madzi owiritsa la mamililita 750. Akatswiri analipo, mabuku analipo. Chimene chinasowa ndicho chimene mwalimu amachitcha amana, kukhulupirika kwa munthu amene wasungitsidwa za anthu ena.

Komabe madrasa nayo inali ndi phunziro lake loti ilandire pamenepo, ndipo tisalipeputse. Mutu woyamba umene mwana amaphunzira m'malamulo a chipembedzo ndi wa twahara: asambe m'manja katatu, atsuke m'kamwa ndi m'mphuno, asambe kumaso, mikono kufikira m'zigongono ndi mapazi kufikira mu akakolo, atawase ndi madzi akachoka kuchimbudzi, adye ndi dzanja lamanja. Mwana woleredwa chotere ali patsogolo pa anzake m'nyengo ya mliri. Koma m'chiphunzitso cha Shafi'i madzi ambiri, opitirira muyeso wa pafupifupi malita 200, amayesedwa oyera malinga ngati sanasinthe mtundu, fungo kapena kakomedwe. Ndipo madzi a m'chitsime cha ku St Mary's akhoza kukhala mbee, opanda fungo, oyenera udhu, kusamba kuja kwa twahara, mwa lamulo lililonse la m'buku, koma atadzaza ndi tizilombo topha munthu tsiku limodzi. Mashehe akale anaweruza ndi maso, mphuno ndi lilime chifukwa ndizo zida zimene anali nazo, ndipo cholinga chawo chinali kuteteza moyo; amene agwiritsa muyeso wawo nakana kuwiritsa madzi kapena kuthiramo kolorini wasunga chilembo nataya cholingacho. Momwemonso pa maliro: kusambitsa mtembo ndi udindo wopatulika, ndipo kwa machona ndiwo unali mzati wa umodzi wawo, koma mtembo wa kolera ndi woopsa kwa ousambitsa, ndipo achipatala ankaletsa kugwirana chanza ndi kudyera pamodzi pamaliro. Malamulo a Chisilamu ali nayo kale njira ya nthawi yotere, popeza amalola kuyeretsa ndi dothi pamene madzi angabweretse chiopsezo, ndipo amakumbukira kuti Khalifa Umar anabwerera panjira atamva kuti ku Syria kwagwa mliri; koma kuti shehe adziwe nthawi yotsegula khomo limenelo, ayenera kukhulupirira mawu a namwino, ndipo zimapepuka ngati namwinoyo ndi mwana amene iye mwini anamuphunzitsa alifu ndi bee pamkeka. Akale anati mutu umodzi susenza denga.

Madzi a m'tauniyi sanalongosokebe mpaka lero. Damu la Muda, limene lakhala likulonjezedwa kwa zaka zambiri, likadali pamapepala, anthu akudalira mijigo ndi ogulitsa madzi m'zigubu, ndipo kolera inabweranso m'dzikomo mu 2018 ndi mu 2023. Koma mkangano wa sukulu unatembenuka mwa njira imene agogo aja akanaiseka. Komishoni ya Nziramasanga inali italangiza mu 1999 kuti maphunziro a dzikolo akhazikike pa umunthu, umene Ashona amautcha unhu, ndipo mu 2017 nduna ya maphunziro, a Lazarus Dokora, inayambitsa silabasi yatsopano imene inalimbikitsa sayansi ndi luso, nisintha phunziro la chipembedzo kuti ana aziphunziramo za Chikhristu, za makolo, za Chiyuda ndi za Chisilamu pamodzi. Makolo ambiri a Chikhristu ndi atsogoleri ena a mipingo anadzuka ndi mkwiyo, nanena kuti sukulu ikufuna kutembenuza ana awo, ndi kuti mwana sangaphunzire za chipembedzo cha eni osatengako fungo lake. Mphekesera zinawanda m'makombi ndi pa WhatsApp zakuti ndunayo yalowa Chisilamu mobisa. Mantha amenewo anali omwe aja a kholo la ku Mponda poona sukulu ya mishoni, kungoti tsopano anagwira anthu ambiri m'malo mwa ochepa, ndipo phunziro linali la maola owerengeka pamlungu, lopanda kalasi la ubatizo kumapeto kwake. A Dokora anachotsedwa pa unduna kumapeto kwa chaka chomwecho, boma litasintha, koma phunzirolo linatsala m'makalasi a ku Zengeza ndi ku Seke, ndipo mu 2024 boma linakonzanso silabasi yonse, niitcha ya maziko a cholowa cha dziko.